Momwe mungapezere finye, kutepa kulira kwake ndi kumujambula mvula ikagwa

Mvula yoyamba ikangonyowetsa nthaka, kuseri kwa nyumba kapena m'mphepete mwa munda mumayamba kumveka kamluzu kafupikafupi, kobwerezabwereza, ngati kamwanapiye kosochera. Mukapita pomwe kakumvekera, zii. Mukabwerera pakhonde, kayambiranso. Ambiri amagwa ulesi n'kungoti ndi nkhululu kapena kambalame. Nthawi zambiri amakhala finye, kachule kozungulira kokhala pansi pa nthaka, ndipo pomwe munaima paja anali pafupi ndi phazi lanu, mutu wokha uli pakhomo pa una.

Aphunzitsi a sayansi, ana a m'makalabu a zachilengedwe ndi anthu ongokonda tinyama amalephera pa zinthu zomwezomwezo: amakamufuna kudambo kumene sakhala, amalondola kulira tochi ili choyaka, ndipo akamupeza amabwerako ndi chithunzi chimodzi chosaoneka bwino chomwe palibe angachizindikire. Njira ili m'munsiyi ndi ya madzulo amodzi okha, bola tsikulo mulisankhe bwino.

Zofunika kukhala nazo

- Mnzanu mmodzi wodziwa kukhala chete. Popanda iyeyu sitepe 6 siyitheka.
- Matochi awiri owala molunjika, osati omwaza kuwala ponseponse. Tochi ya pafoni siyikwanira.
- Foni yodzaza moto, yokhala ndi malo osungira zithunzi ndi mawu, ndi kajumbo koitchingira kumvula.
- Majombo ndi buluku lalitali. Patapata ayi.
- Kabotolo ka madzi a mvula kapena a pachitsime, osathira klorini.
- Kontena yapulasitiki yoonekera mkati, yotsukuluzidwa mpaka fungo la sopo litatheratu.
- Rula, kapena bokosi la machesi.
- Kandodo kotakasira masamba.
- Kope ndi pensulo. Bolopeni imakana papepala lonyowa.

1. Idziweni nkhope yake musanatuluke

Finye sasokoneza munthu amene anamuonapo bwino kamodzi. Thupi lake ndi lozungulira ngati kambatata, mutu waufupi moti khosi silioneka, nkhope yophwatalala, ndipo pakamwa pamapindikira pansi ngati munthu amene wakwiyira dziko lonse. Dzina lake la sayansi, Breviceps, limatanthauza mutu waufupi. Miyendo ndi yaifupi kwambiri, zala zilibe kachikopa kosambirira, ndipo sadumpha ngati achule ena. Amayenda chokwawa, kapena kuthamanga pang'ono mwadyokodyoko akachita mantha.

Mtundu wake umasinthasintha, kuyambira wotuwa, wofiirira mpaka woderako, nthawi zina ndi mawanga owala pamsana. Chizindikiro chothandiza ndi mzere wakuda wochokera padiso kutsikira chakuphewa, ngati misozi yaumira patsaya. Kumimba ndi koyera. Wamphongo ali ndi pakhosi pakuda ndipo ndi wamng'ono, pafupifupi masentimita 3. Wamkazi wamkulu amafika masentimita 5, kutalika ngati bokosi la machesi.

Pansi pa phazi lakumbuyo pali kachotupa kolimba, kameneka ndiye khasu lake. Amakumba chobwerera m'mbuyo, akupalasa dothi uku ndi uku, n'kumira pang'onopang'ono akukuyang'anani. Akaopsedwa amadzaza mpweya n'kutupa ngati kampira. Akuluakulu akamanena kuti uje amadzitukumula ngati finye, amanena zimene anaziona ndi maso.

Chenjezo: pali achule atatu amene ana amakonda kubwera nawo n'kunena kuti ndi finye. Woyamba ndi chule wamba wa pakhomo uja, wa khungu lanthudzanthudza ndi zotupa ziwiri kuseri kwa maso. Iye amadumpha ndipo miyendo yake ndi yaitali. Wachiwiri ndi wonenepa ndithu koma mphuno yake ndi yosongoka ndi yolimba, ndipo amalowa m'dothi ndi mutu. Finye salowa ndi mutu. Wachitatu ndi wakuda bii, wosalala ngati labala, wa mizere iwiri yofiira kapena yachikasu m'mbali. Ameneyu musamugwire ngati muli ndi bala kapena ming'alu m'manja, chifukwa madzi a pakhungu pake amawotcha.

2. Kudziwa kulira kwake

Amene amalira ndi wamphongo, poitana wamkazi. Kulirako ndi kwafupi kwambiri, kosafika ndi theka la sekondi, kokwera, ndipo kumabwera m'timagulu: tchii, tchii, tchii, kenako kupuma, kenako kuyambanso. Mmodzi akayamba anzake amayankha, mpaka munda wonse umamveka ngati mwatayika anapiye.

Kuti musasokere, chotsani kaye enawa m'khutu. Nkhululu imalira mosadukiza, kulira kogonthetsa m'khutu, ndipo pakhomo pa una wake pamakhala kamulu ka dothi latsopano. Chule wa pakhomo uja amachita ngati mkonono wokhuthala, ndipo amalirira m'mphepete mwa madzi. Wa mizere yofiira amalira trrrr wautali wokoma, masekondi angapo osapuma. Palinso wina wa m'maudzu amene amangoti kwoip, ngati dontho lagwera mumtsuko. Onsewa, kupatula nkhululu, amakukokerani kumene kuli madzi. Kulira kukamachokera pamtunda pouma, pakati pa mizere ya chimanga kapena pansi pa tchire, kutali ndi chithaphwi chilichonse, tcherani khutu.

Chenjezo: pa TikTok ndi pa Facebook pamayenda kavidiyo ka kachule kozungulira kolira ngati chidole chofinya. Ameneyo ndi msuweni wake wa finye wathu, wa m'mchenga wa m'mphepete mwa nyanja ku Namibia ndi South Africa, ndipo kulirako ndi kwa mantha, osati koitana wamkazi. Musapite kumunda mukuyembekezera kumva zimenezo, ndipo musamutokose finye ndi kamtengo kuti alire choncho.

3. Sankhani malo oyenera

Apa ndi pamene anthu ambiri amatayira usiku wonse. Finye safuna dziwe, dambo kapena mtsinje, ngakhale pa kuswana. Moyo wake pafupifupi wonse amakhala pansi pa nthaka, ndipo chilimwe chonse amachigonera komweko. Mufuneni pa dothi lofewa, lamchenga kapena lotakasuka, losadikha madzi: m'minda ya mizere, m'mbali mwa chulu, m'nkhalango za mombo ndi masuku momwe masamba amaunjikana, m'munsi mwa mapiri, pansi pa zipika zowola ndi miyala, ngakhale pafupi ndi dzala kapena mulu wa manyowa kuseri kwa nyumba.

Chakudya chake ndi chiswe, nyerere ndi ngumbi. Choncho funso labwino lofunsa ana a m'deralo si lakuti afinye ali kuti, koma lakuti ngumbi zimatuluka pa chulu chiti. Amene amatchera ngumbi amakumana naye kawirikawiri, atakhala phee pambali akudya zogwera pansi, mimba ili ndendende.

M'Malawi muli mitundu iwiri yofanana kwambiri. Wina ndi Breviceps mossambicus, amene Wilhelm Peters, katswiri wa zinyama wa ku Germany, anamupatsa dzina mu 1854. Amapezeka kuyambira ku Tanzania, kudutsa Malawi, Mozambique, Zambia ndi Zimbabwe mpaka ku Eswatini ndi kum'mawa kwa South Africa. Winayo ndi Breviceps poweri, wotchulidwa mu 1934, wa ku Zambia, Malawi, mbali ina ya Mozambique, kumwera kwa DR Congo ndi Angola. Ndiye kaya muli ku Dedza, ku Chipata kapena ku Angonia, malangizowa ndi amodzi. Kungoti mitundu iwiriyi kuisiyanitsa ndi maso okha kumavuta ngakhale kwa akatswiri, n'chifukwa chake sitepe 5 ndi yofunika kuposa chithunzi chokongola.

Pitani masana mukayendere malowo. Onani pomwe pali maenje, zitsa ndi minga, ndipo ikani chizindikiro panjira yobwererera.

4. Sankhani tsiku, ndipo uzani anthu

Chizimalupsa chongowaza fumbi sichikwanira. Dikirani mvula yeniyeni yolowa pansi, imene anthu amadzalira, cha mu Novembala kapena Disembala. Masiku abwino kwambiri ndi oyambirira a dzinja: madzulo a tsiku limene yagwa yambiri, kunja kuli chinyezi, mphepo kulibe. Tsiku la mvumbi ndi labwino koposa, chifukwa kukakhala mitambo ndi mvula yowaza finye amalira ngakhale masana, ndipo simuvutika ndi mdima. Kukachita ng'amba masiku angapo, khalani kunyumba. Kukamachita ziphaliwali, khalaninso kunyumba.

Tsono musananyamule tochi, uzani eni munda ndi oyandikana nawo, ndipo ngati ndinu mlendo m'mudzimo kaonekereni kwa amfumu. Ine ndinaphunzira movutikira. Usiku wina ndinagwada m'munda wa eni cha m'ma 9 koloko, tochi kukamwa, ndikupalasa dothi ndi zala. Ndisanadziwe n'komwe, abambo anayi anali atandizungulira, zibonga m'manja. "Achimwene, mukukwirira chiyani m'munda mwa eni ake?" Yankho loti ndikufuna finye silinathandize konse, linangowonjezera mafunso. Chinandipulumutsa ndi foni: nditawaseweretsa mawu amene ndinali nditatepa, mkulu wina anaseka n'kunena kuti akhala akumva zimenezo chibadwire koma ankayesa mbalame. Anatsala nane mpaka tinamupeza.

Kumanda ndi kudambwe musalowe, ngakhale kulira kukuchokera komweko. M'nkhalango zotetezedwa ndi boma pemphani chilolezo kaye.

5. Tepani mawu musanayambe kufunafuna

Lamulo ndi ili: mawu kaye, chithunzi pambuyo. Mukangoyamba kuyandikira amasiya kulira, ndipo mwina osayambiranso usiku umenewo.

Imani pomwe mukumva bwino, mapazi asanu kapena khumi kuchokera pomwe mukuganizira. Thimitsani netiweki kuti foni isalire pakati pa ntchito. Tsegulani pulogalamu yotepera mawu, lozetsani kumunsi kwa foni, kumene kuli maikolofoni, komwe kukuchokera kulira. Tsamiritsani chigongono pabondo kuti dzanja lisagwedezeke. Tepani mphindi imodzi yathunthu, osati masekondi asanu, chifukwa wodziwa amamvetsera kutalika kwa kulira kulikonse, kuchuluka kwake pagulu limodzi, ndi kupuma kwa pakati. Mtundu wina kulira kwake kumanjenjemera pang'ono, winawo ndi mluzu wosalala, ndipo khutu la munthu silisunga kusiyana kumeneko mpaka m'mawa.

Pomaliza, musanazimitse, lankhulani motsitsa: tsiku, nthawi, mudzi, ndi momwe nyengo ilili. Mukadzakhala ndi mafayilo makumi awiri mudzathokoza.

Chenjezo: jekete lamvula limachita phokoso kuposa momwe mukuganizira, ndipo ambulera imasandutsa madontho kukhala ng'oma. Foni ikakhala m'jumbo, tulutsani kumene kuli maikolofoni. Mnzanu asatsokomole, asanong'one, asaphe udzudzu.

6. Mulondoleni ndi matochi awiri

Kulira kwa finye kumanamiza. Kumamveka ngati kuli patsogolo, mukasuntha kukhala ngati kuli kumanzere. Munthu mmodzi angathe kuzungulira pamalo pamodzi ola lathunthu. Anthu awiri amamaliza m'mphindi zochepa akachita motere.

Choyamba, talikiranani mapazi asanu mpaka khumi, nonse mutayang'ana kumene kukuchokera kulira, kuti inu awiri ndi finyeyo mukhale ngati mafuwa atatu. Matochi akhale ozima.

Chachiwiri, sankhani finye mmodzi. Gwirizanani monong'ona kuti ndi uti: wapafupi ndi chitsa, kapena wolira mokweza uja. Aliyense akamvetsera wake, simupeza kanthu.

Chachitatu, ikani zikhato kuseri kwa makutu, tembenuzani mutu pang'onopang'ono mpaka kulira kumveke mofanana m'makutu onse awiri. Lozetsani tochi yozimayo komweko, chapansi.

Chachinayi, mmodzi awerenge chamumtima n'kunena kuti "tiyeni", muyatse nthawi imodzi. Pomwe kuwala kwa matochi awiriwo kwakumana ndi pomwe muyambire. Wina asasunthe tochi yake, winayo apite akaike kamtengo pamalopo.

Akangomva mapazi, finye amakhala chete, chifukwa kugunda kwa nthaka amakumva msanga. Apa ndi pamene ambiri amataya mtima n'kuyamba kupondaponda paliponse. Musatero. Njutani pansi, zimitsani tochi, dikirani. Mphindi zisanu mumdima udzudzu ukukulumani zimakhala ngati ola, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Anzake akutali akayamba, naye sapirira, amayankha. Akatero bwerezani zomwe zija muli pafupi, mpaka malo okayikira achepe kufika kukula kwa lichero.

Ngati wakaniratu, seweretsani mawu amene munatepa aja motsitsa, kamodzi kapena kawiri. Wamphongo amayesa kuti kwabwera mnzake wopikisana naye ndipo nthawi zambiri amayankha. Musapitirire apo; iye watulukira kufuna mkazi, osati kukangana ndi foni yanu.

7. Fufuzani mosamala pamalopo

Yang'anani ndi maso musanagwire kanthu. Walitsani tochi chapambali, mokhudza nthaka, kuti tizithunzithunzi tionetse maenje. Mukufuna kabowo kokwana chala chachikulu, kawirikawiri patsinde pa udzu, pansi pa tsamba louma kapena m'mbali mwa mzere. M'kati mwake mudzaona timaso tiwiri ndi kamwa lopindika lija. Nthawi zina amakhala panja ndithu, koma wodzola dothi thupi lonse moti mungamuyese chigulumwa. Akamalira, pakhosi pamafufuma, ndipo kugwedezeka kumeneko ndi kumene kumamuulula.

Sunthani masamba limodzilimodzi ndi kandodo. Mukafuna kutembenuza chipika kapena mwala, kokerani kwa inu kuti chimene chili pansi chithawire kutsogolo, ndipo mubwezeretse momwe munachipezera.

Chenjezo lalikulu: usiku wa achule ndi usikunso wa njoka. Mphiri sithawa, imangogona phee pamasamba, ndipo mtundu wake ndi womwewo wa masambawo. Zinkhanira ndi anankalizi nazonso zimatuluka mvula ikagwa. Musalowetse chala m'una uliwonse, ndipo musagwade musanawalitse pomwe bondo ligwere. Wina akalumidwa ndi njoka, musateme mphini, musayamwe, musamange chingwe molimba. Achepetse kuyenda, mumunyamule, mupite kuchipatala msanga.

Akamira m'dothi inu mukuona, musamukoke. Amatupa m'kati mwa una kuti atsekeremo, ndipo mukalimbana naye mumupweteka. Palasani dothi la m'mbali ndi zala pang'onopang'ono mpaka aonekere, kapena musiyeni mupeze wina.

8. Kumugwira ndi kumujambula

Jambulani kaye pomwe mwamupezera, asanasunthe. Kenako nyowetsani manja ndi madzi a m'kabotolo aja. Khungu la chule limamwa chilichonse chimene lakhudza, ndiye ngati mwadzola mafuta, mankhwala othamangitsa udzudzu, kapena mwagwira feteleza ndi mankhwala a mbewu tsikulo, musamugwire; mukankhireni mu kontena ndi tsamba.

Mutoleni ndi chikhato chonse ngati mukutola dzira, osafinya. Atupa, ndipo angatulutse timadzi toyera tomata ngati ulimbo. Si zoopsa pakhungu labwinobwino, koma musagwire m'maso kapena pakamwa mpaka mutasamba.

Ikani bokosi la machesi kapena rula pambali pake. Mnzanu awalitse tochi chapambali, osati pamaso pake, ndipo kuwala kukachuluka phimbani tochiyo ndi pepala loyera la m'kope. Fulashi ya foni imayeretsa khungu lonyowa n'kufufuta mawanga amene mukufuna aoneke. Musayandikitse foni kwambiri. Imani patali pang'ono, gundani pasikirini pomwe pali diso kuti chithunzi chigwire, ndipo mujambule kangapo.

Zithunzi zofunika ndi izi: cha pamwamba choonetsa msana wonse, cha m'mbali choonetsa mzere wa padiso uja ndi pomwe wathera, cha nkhope, cha kumbuyo, ndi cha kumimba. Cha kumbuyo anthu amachiiwala, chikhalirecho mawanga ndi timizere ta pamenepo ndi zina mwa zimene odziwa amayang'ana posiyanitsa mitundu iwiri ija. Cha kumimba musamugoneke chagada. Muikeni mu kontena, inyamuleni m'mwamba, mujambule kuchokera pansi. Pakhosi ndi mapazi zioneka bwino.

Mukapeza awiri, wamng'ono ali pamsana pa wamkulu, mwachita mwayi, koma manja kutali. Mikono ya wamphongo ndi yaifupi moti sangakumbatire mkazi wonenepa chotero, ndiye amamatirirana ndi ulimbo wa pakhungu. Amakhala choncho mpaka atakumbira pansi limodzi n'kuikira mazira. Mukawalekanitsa mokakamiza mungasupule khungu. Jambulani, muwasiye apite.

9. Mubwezeni pomwe munamutenga

Zonsezi zisapitirire mphindi khumi. Muikeni pamalo enieni aja, pa dothi lofewa, mubwezere tsamba kapena chipika chake. Mukadikira pang'ono mutazimitsa tochi, n'kuyatsanso, mudzamuona akumira chobwerera. Ngati foni ikadali ndi moto, kavidiyo kameneko ndi kamene ana a sukulu amakakonda kuposa zonse.

Musapite naye kunyumba m'botolo kuti ana akaone mawa. Amauma msanga, ndipo chakudya chake simungachikwanitse.

10. Lembani, kenako tumizani kwa odziwa

Musanagone lembani m'kope: tsiku, nthawi, mudzi ndi boma, mtundu wa dothi, zomera za pamalopo, mvula inagwa liti, ndipo amalira angati mongoyerekeza. Lembaninso dzina limene anthu a m'deralo amamutchula, ndi chilankhulo chake.

Pa iNaturalist, tsamba la pa intaneti lotumizirako zomera ndi zinyama zimene mwaona, mungaike zithunzi ndi mawu pamodzi, kwaulere, ndipo anthu odziwa achule a kuno kumwera kwa Africa amathandiza kuzindikira. Ngati simukutsimikiza mtundu, lembani Breviceps basi, enawo amalize. Ikani malo molondola pamapu. Ngati ndi pakhomo panu, pali posankha kuti malo enieniwo abisike kwa anthu wamba. A makalabu a m'sukulu angagawanenso zimene apeza ndi a Wildlife and Environmental Society of Malawi.

Chenjezo: WhatsApp imachepetsa chithunzi n'kuchotsa zosonyeza malo ndi nthawi. Potumizira munthu, tumizani ngati dokyumenti, ndipo zoyambirira zisungeni pafoni.

Mukamufukula mwangozi ndi khasu

Popalira kapena pobandira zimachitika. Ngati sanavulale, musunthireni pambali pa mzere womwe mwamaliza kale, pamthunzi, mumuwaze dothi lonyowa pang'ono. Adzikumbira yekha.

Nthawi zina khasu limatsegula kachipinda kozungulira momwe muli timazira toyera tokulirapo, 20 kapena kupitirira pang'ono, tomatana ngati phala. Amenewo ndi mazira a finye, ndipo mayi wake amakhala chapafupi. Ana ake sakhala mbululu zosambira m'madzi ayi; amakulira m'kachipinda momwemo, n'kutuluka patatha milungu 6 mpaka 8 ali tiafinye tathunthu tating'ono ngati nyemba. Vundikirani ndi chigulumwa kapena phale kuti denga lisagwere mazirawo, kwirirani ndi dothi lofewa osapondapo, muzike kamtengo kuti olima anzanu alambalale.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Kumuponya m'madzi pofuna kumuthandiza. Ichi chingaphe finye m'manja mwa anthu achifundo. Finye sadziwa kusambira. Amangotupa n'kumayandama, ndipo akapanda kufika pamtunda amafa. Mukamupeza m'ngalande, m'dzenje la nkhuti kapena m'maziko a nyumba momwe mwalowa madzi, mutulutseni mumuike pa dothi.

Kupita kudambo chifukwa ndi kumene kukusokosera achule. Mukapezako mitundu ina yambiri, koma amene mukumufunayo mwamusiya kumtunda.

Kuyenda tochi ili choyaka kuyambira kunyumba mpaka pomwe akulira, n'kumalankhula. Walitsani poyenda kuti muone njoka, koma mukafika zimitsani ndipo muime.

Kupita gulu. Ana khumi ndi asanu a kalabu akalowa m'munda nthawi imodzi, palibe finye angalire, ndipo chimanga cha eni chithyoka. Agaweni awiriawiri, ena adikire kunjira.

Kutepa ndi kujambula afinye osiyana n'kuziika pamodzi ngati ndi mmodzi. Ngati simunamuone akulira ndi maso anu, lembani kuti mawuwo ndi a pamalo omwewo koma mwina si a amene ali pachithunziyo. Kumene mitundu iwiri ikhalira limodzi, kusakaniza kotereku kumasocheretsa wozindikira.

Kujambula atatupa kokha. Finye wotupa amabisa miyendo ndi mzere wa m'mbali, ndipo amaoneka wamkulu kuposa msinkhu wake. Muikeni pansi, bwererani m'mbuyo, dikirani aphwe, ndiye mujambule.

Kudikira Febuluwale. Pofika nthawi imeneyo udzu watalika, chimanga chatseka mizere, ndipo kulira kwachepa. Matochi ndi majombo zikhale zokonzeka mvula yodzalira isanagwe.